Mzinda Wopanda Bwalo

Ife amene tidakulira kumudzi tikumbukira kuti mudzi uliwonse unali ndi bwalo. Pamenepo ana ankasewera mwezi ukawala, anyamata nakagona kumphala, ndipo maso a akulu sanali kutali. Mwana wa mnzako anali wako yemwe.

Lero ana athu ambiri akukulira m'tauni. Lilongwe adakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu 989,318. Ambiri a iwo akhala ku Mtandire, Mgona, Kauma, Chinsapo ndi kwina kotere, kumene nyumba zidamangidwa mothithikana misewu isanalambulidwe. Kumeneko mwana akaweruka kusukulu asowa popita. Ife aphunzitsi timaona ndi maso athu: amene dzulo anali m'kalasi lero ali kudepoti, ndipo mawa timva kuti ali ku Mpemba kapena ku Chilwa, kosungira ana olakwira malamulo. Chiwawa chotere chidayamba kale, tsiku lija malo otsiriza osewerera adasanduka puloti.

Tsono tipempha akhonsolo ndi makhansala athu zinthu zinayi. Choyamba, pogawa mapuloti asiye bwalo m'dera lililonse, ndipo lisagulitsidwe. Bwalo la Bingu, lotsegulidwa mu 2017, lili pafupi ndi Mtandire, komatu mwana wa mpira wachikulunga afuna bwalo lopanda chipata. Chachiwiri, aike nyale m'njira za kumsika ndi za kotunga madzi, pakuti mtsikana wolawira m'mbandakucha ndi chidebe ndiye akumana ndi achifwamba. Chachitatu, malo ophunzirira ukalipentala, kusoka ndi kuwotcherera akhale pafupi, pofikika wapansi, kuti wotsiriza Sitandade 8 wosapita kusekondale asangokhala manja lende. Chachinayi, pokonza mapulani afunse achinyamata eni ake, popeza ndiwo adziwa ngodya zoopsa za m'dera lawo.

Nanga ife a mpingo? Matchalitchi athu ambiri ali ndi mabwalo abwino, koma pakati pa sabata zipata nzokhoma, ana nasewera mumsewu kunja kwa mpanda. Kodi tidzapempha bwanji kwa akhonsolo chimene ife tikumana? Nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa akulu a mpingo mwezi uno, ndipo papezeke mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano okhala ndi anawo madzulo. Abale, m'mera mpoyamba.