ZA KUSAMUKIRA KU NYANJA: YAMBANI MWAFUNSA



Chaka ndi chaka, ikatha ntchito yokolola, timaona mabanja ena a kuno ku mapiri a Dedza alikumanga akatundu awo, natsikira ku Salima kukakhala. Ena ndi nkhalamba zimene zatopa ndi chisanu cha Juni ndi Julaye. Ena ndi ana athu amene anali pa ntchito ku Lilongwe, ndipo ndalama za lendi zawakulira. Ena alondola malonda a nsomba ndi mpunga. Ife sitiwatsutsa ayi. Pakuti Dedza ili pamwamba, mamita ngati 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Salima ili m'chigwa, mamita ngati 500 okha. Kumeneko munthu safuna mabulangete ambiri, usipa ndi mango sizisowa pa nyengo yake, ndipo nyumba imapezeka pa mtengo wofatsa koposa wa mumzinda waukulu. Koma tauni imodzi ili ndi mbali zambiri, ndipo mbali imene banja lisankha ndiyo idzalera ana ake. Chifukwa chake tati tikambirane za kusankha malo.

Mukumbukira nkhani ya Loti. Pamene anasiyana ndi Abrahamu, iye anapenya chigwa cha Yordano, naona kuti chili ndi madzi ndi msipu, nachisankha msanga, osafunsa za anthu okhalamo. Mudziwa umo anatulukiramo, wopanda chuma ndi wopanda mkazi. Sititero kuti Salima ndi malo oipa. Kuli Akristu okoma ndi anthu aulemu. Tingoti maso okha sakwanira posankha pokhala. Akulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba, yang'anani nthaka. Malo otsika mtengo kawirikawiri ali m'dambo kapena pafupi ndi mtsinje. Mvula imene imagwa kuno kwathu simathera kuno: mtsinje wa Linthipe umaitenga, nuitsitsira ku chigwa cha Salima, ndipo madzi angathe kufika pakhomo usiku kopanda mtambo. Nyanjanso imakwera. M'chaka cha 2024 inadzaza kwambiri, nilowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwake ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Palinso dothi lakuda la makande, limene limafufuma ndi mvula ndi kung'aluka ndi dzuwa, ndipo limang'amba zipupa za nyumba yopanda maziko olimba. Malo amene aoneka ouma mu Okutobala mukawaonenso mu Febuluwale. Penyani zipupa za anansi ngati zili ndi mzere wa matope, ndipo funsani nkhalamba za pamalopo kumene madzi analekeza chaka cha mvula yambiri.

Chachiwiri, kumbukirani malungo. Kumapiri kuno chisanu chimachepetsa udzudzu, koma kunyanja udzudzu suchoka chaka chonse, ndipo thupi la munthu wokulira kozizira silinazolowere nthendayi. Abambo a White Fathers amene anamanga misyoni ya Mua m'chaka cha 1902, m'tsinde mwa mapiri, anavutika ndi kutentha ndi malungo. Ndipo Bembeke, imene inatsegulidwa mu 1910, inali malo awo opumulirako ndi kupezanso mphamvu. Inu mulikuyenda ulendo womwewo chotsika. Tsono musamange pafupi ndi zithaphwi kapena minda ya mpunga. Sankhani pokwera, popita mphepo, pamene pali mitengo ya mthunzi. Aliyense agone m'masikito, makamaka ana ndi amayi apakati. Ndipo mwana akatentha thupi, mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Muyese mtunda wa ku chipatala ndi miyendo ya mayi wobereka mwana, osati ndi njinga yamoto.

Chachitatu, madzi akumwa. Kukhala pafupi ndi nyanja sindiko kukhala ndi madzi abwino. M'madzi odikha, a bango ndi udzu, mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Funsani ngati pali mpopi kapena mjigo, ulawe madzi ake mwini nyumba, pakuti mijigo ina ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere. Onaninso zimbudzi za anansi: pamchenga ndi pamadzi apafupi chimbudzi chimagwa msanga.

Chachinayi, chimene chiposa zonse: tchalitchi ndi sukulu. Tiona ndi chisoni kuti ambiri amene anali okhulupirika kumudzi amazirala akasamuka, osati chifukwa cha kuipa mtima, koma chifukwa palibe wowadziwa, palibe wowafunsa pa tsiku la Mulungu. Musanachoke, pitani kwa Bambo Mfumu mukatenge kalata yosamukira ndi makadi a ubatizo a banja lonse. Pofika, dzionetseni kwa ansembe a kumeneko, mufunse mphakati wa m'dera lanu. Nyumba imene nkhalamba singathe kuyenda kuchokerako kunka ku Misa, ndi imene mwana sangafike ku sukulu ndi ku katekisimu osadutsa pa mabala a mowa, ndi yodula ngakhale lendi yake ichepe. Pafupi ndi msika, ndi depoti, ndi madoko a nsomba pali malonda ndithu. Koma palinso ndalama zofulumira zimene zachotsa anyamata ambiri pa sukulu ndi kuononga atsikana. Mukayendeko madzulo a Loweruka, mumve ndi makutu anu.

Kunyanja mudzapezanso anansi ambiri Achisilamu. Akhale abale anu pa maliro ndi pa matenda. Muwalemekeze, ndipo musabweretse nkhumba pakhomo loyandikana nawo popanda kulingalira. Mkristu adziwike ndi mtendere wake.

Chotsiriza, za kugula malo. Ambiri alira chifukwa anapereka ndalama kwa munthu wa pa njira, napeza kuti puloti yomweyo inagulitsidwa kwa anthu awiri. Musalipire musanaonane ndi mfumu ya dera ndi a ku khonsolo, ndipo zonse zilembedwe pamaso pa mboni. Uphungu wathu ndi uwu: yambani mwachita lendi dzinja limodzi lathunthu, ndipo munda wa kumudzi musafulumire kuutaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiponso mwamuna asasankhe yekha. Mayi ndiye adzatunga madzi ndi kudwazika ana, mawu ake amveke.

Yosefe Woyera, pobwera kuchokera ku Ejipito, anamva za wolamulira wa ku Yudeya, naopa, nakakhala ku Nazarete, mudzi wonyozeka, chifukwa cha Mwana amene anapatsidwa kuti amusunge. Inunso mwapatsidwa ana. Pempherani korona pamodzi musanamange katundu, ndipo Banja Loyera likutsogolereni pa ulendo wanu. Ife otsala tidzakukumbukirani pa Misa.