Sewero lopanda mawu: thupi likamafotokoza za khansa ndi kuchira

 Mnzanu akafika kusukulu atazyolika, akukoka mapazi, kodi mumadikira kuti akuuzeni kuti sakupeza bwino? Ayi, mumadziwa pompo, chifukwa thupi nalo limalankhula. Alipo akatswiri a zisudzo amene amafotokoza nkhani yonse osatsegula pakamwa. Amangodumpha, kugwa, kudzuka ndi kunyamulana, koma oonerera amaseka mpaka ena kugwetsa misozi.

Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Gule Wamkulu akatuluka pabwalo, Chadzunda amabwera akutsimphina, ndipo aliyense amadziwa kuti kwafika nkhalamba yofunika ulemu. Makanja ataliatali akamadutsa, tonse timayang'ana m'mwamba. Kavinidwe kokhako kamapereka mwambo, ndipo m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linaika guleyu pakati pa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Masewera ena olankhula ndi thupi ndi a circus. Nanga circus n'chiyani? Ndi masewera oonetsa luso la thupi: kuchita pidigoli, kuyenda ndi manja miyendo ili m'mwamba, kuyenda pachingwe, kuponya mipira itatu n'kumaiwakha osagwetsa, ndi kukwerana pamapewa. Ku Lusaka, m'dera la Chibolya, achinyamata anayambitsa gulu la Circus Zambia lomwe limaphunzitsa ana masewerawa. Ku New York, m'chaka cha 1986, anthabwala a Big Apple Circus anayamba kulowa m'chipatala atavala makhoti oyera ngati madokotala ndi mphuno zofiira, kukaseketsa ana ogonekedwa. Kuseka sikuchiza khansa, koma kumachotsa mantha, ndipo mwana wopanda mantha savuta kulandira mankhwala.

Tsono khansa n'chiyani? Thupi lanu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo amabadwa, amagwira ntchito, akakalamba amafa n'kulowedwa m'malo ndi ena. Nthawi zina maselo ena amasiya kumvera dongosololi. Amangochulukana osalekeza mpaka kupanga chotupa. Imeneyo ndiye khansa. Si ufiti, si chilango, ndipo simungaitenge podyera mbale imodzi kapena posewera phada ndi mnzanu wodwala.

Khansa ina imene imagwira ana ambiri m'Malawi imatchedwa Burkitt lymphoma. Dzinali linachokera kwa dokotala Denis Burkitt, amene anaifotokoza m'chaka cha 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba, ndipo chotupacho chimakula msanga, m'masabata ochepa chabe. Imapezeka kwambiri kumadera kumene malungo ndi ochuluka. Chosangalatsa n'chakuti imamvanso mankhwala msanga, ndipo ana ambiri amachira akafika kuchipatala nthawi yabwino. Mwana wa kwathu kuno angayambire pachipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene chakhala chikuthandiza anthu kuyambira 1959, kapena pachipatala cha Kabudula. Madokotala akakayikira khansa amamutumiza ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe, kumene ana amalandira mankhwala amphamvu, ambiri odzera m'diripi. Mankhwalawa amafooketsa, amachititsa nseru, ndiponso amathothola tsitsi. Musaope: tsitsilo limameranso.

Mwana amene wadutsa mu zonsezi kawirikawiri amasowa mawu ofotokozera zimene anamva. Apa m'pamene sewero la thupi limathandiza. Tiyeni tipange lathu.

Pezani anzanu asanu ndi mmodzi, chitenje chimodzi ndi ng'oma. Poyamba nonse muzivina mogwirizana, aliyense pamalo pake, ngati maselo athanzi. Kenako atatu asiye kumvera ng'oma, ayambe kukankha anzawo, n'kudziunjika pamodzi pansi pa chitenje. Chotupa chija ndi chimenecho. Amene akusewera ngati wodwala ayambe kuyenda pang'onopang'ono, atagwira tsaya. Wang'oma achepetse kuimba.

Tsopano pafika pamtima pa sewero. Wodwala aime chilili, atsinzine, adzigwetse chagada, ndipo anzake awiri amuwakhe asanafike pansi. Kudzigwetsa osaona kumbuyo kumafuna kukhulupirira amene ali kumbuyoko. Ndi mmene zimakhalira ndi mwana amene wapereka mkono wake kwa namwino, mayi ake ali pambali. Agwe katatu, pakuti mankhwala a khansa salandiridwa kamodzi, ndipo amene wasiyira panjira matenda amamubwerera. Ulendo uliwonse akadzuka, mmodzi atuluke pansi pa chitenje chija, mpaka chitsale chopanda kanthu.

Pomaliza wochira asathamange nthawi yomweyo. Aponde phazi limodzi, apume, apondenso lina. Ng'oma ikwere pang'onopang'ono. Anzake awiri agwade, iye aime pakati atagwira mapewa awo, akweze dzanja m'mwamba. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu: palibe amene amachira yekha. Sewerani pamchenga kapena pa udzu, aphunzitsi kapena wamkulu wina ali pomwepo, kuti pasapezeke wovulala.

Chaka chilichonse pa 15 February dziko lonse limakumbukira ana odwala khansa. Pemphani aphunzitsi anu kuti tsiku limenelo mudzaonetse seweroli pamzere wa m'mawa, makolo ataitanidwa.

Ndipo inu ana anga, mukaona chotupa chimene chikukula, kaya pa inu kaya pa mng'ono wanu, uzani makolo tsiku lomwelo kuti mupite kuchipatala. Mnzanu akabwerako ku Lilongwe mutu uli mbee wopanda tsitsi, musamuseke. Musunthireni pabenchi, mukhale naye limodzi, mumubwereke kope lanu kuti alembe zimene zinamupita.