Banja la khofi ndi mmene akatswiri amadziwira malire ake

Khofi amene amamwedwa mumzinda wa Tete salimidwa mumzindamo, pakuti mtundu wa arabika umafuna malo okwera ndi ozizira, pamene Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Komabe abale ake a khofi ndi ochuluka m'dera lonseli, m'mbali mwa mitsinje, m'mapiri a miyala ndi m'tchire louma, ndipo ambiri mwa iwo safanana ndi khofi m'maso mwa munthu wongodutsa. Akatswiri a zomera amawaika onsewa m'banja limodzi lotchedwa Rubiaceae, dzina limene Antoine-Laurent de Jussieu wa ku France analikhazikitsa mu 1789 polichotsa ku Rubia, chomera chimene mizu yake inkapereka utoto wofiira wonyikira nsalu. Banjali lili ndi mitundu yoposa 13,000, ndipo ndi lachinayi kukula pakati pa zomera zonse zochita maluwa, pambuyo pa banja la mpendadzuwa, la maluwa otchedwa okidi ndi la nyemba.

Kuti munthu amvetse mawu akuti banja m'sayansi imeneyi, ayenera kudziwa kuti zomera zimasanjidwa m'magulu olowana, laling'ono mkati mwa lalikulu. Pansi penipeni pali mtundu, umene ndi gulu la zomera zofanana zimene zimaberekana zokhazokha. Mitundu yapachibale kwambiri imasonkhanitsidwa mu jenasi. Majenasi amapanga fuko, mafuko amapanga nthambi ya banja, ndipo nthambizo zimapanga banja. Dzina la sayansi limakhala ndi mawu awiri, loyamba la jenasi ndi lachiwiri la mtundu, monga Coffea arabica, limene Carl Linnaeus analilemba mu 1753. Kusanja kumeneku kumagwira ntchito monga mfunda umagwirira pakati pa anthu: Aphiri a ku Angónia ndi Aphiri a ku Kasungu angasiyane msinkhu, ntchito ndi kayankhulidwe, koma mfundawo ukunena kuti anachokera kumodzi. Pamene katswiri aika mtengo m'banja la khofi, sakunena kuti umakoma ngati khofi kapena kuti umagwira ntchito yofanana, koma kuti uli ndi kholo limodzi ndi khofi, ndipo mfundo imeneyi ikhoza kuyesedwa n'kupezeka yoona kapena yolakwika.

Ubwino wa banjali ndi wakuti zizindikiro zake zazikulu zimaoneka ndi maso, popanda makina. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana pa mfundo imodzi ya nthambi, ndipo m'mphepete mwake ndi mosalala, mopanda mano. Munthu akagwira nthambi yanthete n'kuyang'anitsitsa pa mfundoyo, amaona kakhungu kakang'ono, kawirikawiri kosongoka kumwamba, kamene kamalumikiza tsinde la tsamba lina ndi la linzake mbali zonse ziwiri za nthambi. Kakhungu kameneka kamatchedwa stipula, ndipo kakagwa kamasiya kamzere kopingasa kamene kamaonekabe pa khungwa. Zomera zambiri zili ndi stipula, koma n'zochepa zimene zili nazo pakati pa masamba awiri motere. Chizindikiro china chili m'duwa: timasamba take tamtundu ndi tolumikizana kupanga kachubu, ndipo thumba la mbewu, limene limadzasanduka chipatso, limakhala pansi pa duwa osati mkati mwake. N'chifukwa chake chipatso cha khofi, cha mvilu kapena cha Gardenia chimakhala ndi kabwalo kapena kachisoti kunsonga kwake, pamene panali duwa. Mvilu, umene ena amati mzilu ndipo m'sayansi ndi Vangueria infausta, ndiwo chitsanzo chapafupi kwa anthu akumudzi, pakuti aliyense amene anadyapo chipatso chake chofiirira chowawasa anaona kabwaloko ngakhale sanakapatse dzina. Zizindikirozi sizikwanira nthawi zonse chimodzichimodzi, chifukwa mtengo wa m'mbali mwa mitsinje wa Breonadia salicina, umene matabwa ake ku Mozambique amadziwika kuti mugonha, umaika masamba anayi pa mfundo imodzi, ndipo mitundu ina ya Gardenia imaika atatu. Katswiri amaweruza pophatikiza zizindikiro zingapo.

Mbiri ya Tete ili ndi nkhani yosonyeza bwino chifukwa chake kuphatikiza kumeneku kuli kofunika. Mtengo wa Cinchona, umene khungwa lake limapereka kwinini, ndi wa banja la khofi ndipo kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America. Kwinini weniweni anapatulidwa ku khungwalo mu 1820 ndi Pelletier ndi Caventou ku Paris, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anali mankhwala odula amene Azungu oyenda m'chigwa cha Zambezi ankawadalira polimbana ndi malungo. David Livingstone atafika ku Tete mu Malichi 1856, anapeza kuti anthu a m'derali ndi Apwitikizi ankagwiritsa ntchito khungwa lowawa la mtengo wotchedwa kumbanzo pochiza malungo, ndipo mtengowo unkaganiziridwa kuti ndi mbale wa mtengo wa kwinini. Chikhala kuti zinali zoona, chigwachi chikanakhala ndi chuma chachikulu. Koma zitsanzo zitafika kwa katswiri wa zomera Joseph Hooker ku munda wa zomera wa Kew ku England, yankho linali lakuti mtengowo ndi wa banja lina, la Apocynaceae, ndipo umboni unali m'mafotokozedwe a Livingstone mwini, amene analemba kuti nyemba zake zimabala ziwiriziwiri ndipo ndi zazitali. Zipatso zapawiri zotere, pamodzi ndi utomoni woyera umene umatuluka tsamba likathyoledwa, thumba la mbewu lokhala mkati mwa duwa ndi kusowa kwa stipula yolumikiza masamba, ndizo zizindikiro za banja limenelo, ngakhale masamba ake nawonso amamera moyang'anizana. Mtengowu lero umadziwika kuti Holarrhena pubescens, ndipo mankhwala amene ali m'khungwa lake si kwinini.

Cholakwikacho sichinali chachibwana, chifukwa mabanja awiriwa ndi apachibale ndithu ndipo ali m'gulu limodzi lalikulu la Gentianales, mmene zomera zambiri zili ndi makungwa owawa. Chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti ntchito ya chomera siyingakhale muyeso wa ubale wake, popeza kuwawa ndi mphamvu yotsitsa kutentha kwa thupi zimapezeka m'mabanja ambiri osiyana. N'zochititsa chidwi kuti m'tchire la m'chigawo chomwechi muli mtengo wina, Crossopteryx febrifuga, umene ndi wa banja la khofi lenileni ndipo asing'anga a m'madera ambiri a Africa amaugwiritsa ntchito pa malungo, koma nawonso si Cinchona.

Livingstone sanali woyamba kutola zomera kumeneko. Wilhelm Peters wa ku Germany anayenda m'Mozambique m'zaka za m'ma 1840, kuphatikizapo Sena ndi Tete, ndipo zomera zake zambiri anazifotokoza ndi Johann Friedrich Klotzsch ku Berlin, amene anapatsa mtengo wa kumbanzo womwewo mayina oposa limodzi, ena mwa iwo Holarrhena febrifuga ndi Holarrhena tettensis, poganiza kuti zitsanzo zosiyana pang'ono ndi mitundu yosiyana. Pambuyo pake zinadziwika kuti zonsezo ndi mtundu umodzi umene unali utatchulidwa kale ku India, ndipo lamulo la mayina a zomera limati dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo limakhala. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera pa ulendo wa Zambezi umene unayamba mu 1858, anatumizanso zitsanzo zambiri ku Kew. Zitsanzo zotere, zoumitsidwa ndi kumatidwa pa pepala pamodzi ndi dzina la malo ndi tsiku, ndizo maziko a dzina lililonse, ndipo moto wa mabomba umene unawononga nyumba yosungiramo zomera ya ku Berlin mu Malichi 1943 unasiya mayina ambiri a zomera za mu Africa opanda chitsanzo chake choyambirira.

Mkati mwa banja la khofi, malire a magulu akhala akusuntha kwa zaka zoposa zana. Karl Schumann mu 1891 anagawa banjali pawiri potengera chinthu chimodzi, ndicho chiwerengero cha timbewu m'chipinda chilichonse cha thumba la mbewu: zomera za timbewu tambiri anaziika ndi Cinchona, za kambewu kamodzi anaziika ndi khofi. Njirayi inali yosavuta kugwiritsa ntchito, koma inkaika pamodzi zomera zosagwirizana, chifukwa chiwerengero cha timbewu chinatsika kangapo, pachokhapachokha, m'mizere yosiyana ya banjali. Bernard Verdcourt mu 1958 ndi Cornelis Bremekamp mu 1966 anabweretsa zizindikiro zobisika, makamaka timiyala tosongoka tooneka ndi maikulosikopu tokha m'maselo a masamba, timene timapezeka mu nthambi ya Rubioideae; Verdcourt anawerenga nthambi zitatu, Bremekamp zisanu ndi zitatu, ndipo Elmar Robbrecht mu 1988 anati zinayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kafukufuku wa DNA, amene Birgitta Bremer wa ku Sweden ndi anzake anatsogolera, anasonyeza magulu atatu akuluakulu, Rubioideae, Cinchonoideae ndi Ixoroideae (m'gulu lomalizali ndimo muli khofi, Gardenia ndi mvilu), ngakhale akatswiri ena amaphatikiza awiri omalizawo kuti nthambi zikhale ziwiri. Kusagwirizana komalizaku n'kwa pamene mzere ulembedwe, osati kwa amene ali mbale wa yani, ndipo sikuyenera kudetsa nkhawa wophunzira.

Chimene chimakwiyitsa ogwira ntchito za nkhalango ndi aphunzitsi ndi kusintha kwa mayina a majenasi, ndipo kudandaula kwawo n'komveka, chifukwa buku logulidwa modula limatha ntchito lisanang'ambike. Chitsamba china cha m'malo otentha a chigwa cha Zambezi, chimene chikho cha duwa lake chimakula n'kutambasuka mozungulira, chinatchedwa Dirichletia pubescens ndi Klotzsch; m'zaka za m'ma 1970 Verdcourt anachisamutsira ku Carphalea, jenasi ya ku Madagascar, chifukwa cha kufanana kwa chikhocho; ndipo mu 2007 Kårehed ndi Bremer, atayeza DNA, anapeza kuti mitundu ya pa mtunda wa Africa ili pa mzere wakewake, choncho dzina la Klotzsch linabwerera. Jenasi ya Canthium, imene kale inali ngati mosungira chilichonse chosadziwika bwino, inagawidwa ndi Diane Bridson wa ku Kew m'zaka za m'ma 1980, mitundu yambiri n'kupita ku Psydrax ndi Keetia. Mabuku a Flora Zambesiaca, amene amafotokoza zomera za Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, anasindikiza banja la khofi m'zigawo zitatu, mu 1989, 1998 ndi 2003, kotero kuti zosintha za pambuyo pake sizili mmenemo, ndipo wowagwiritsa ntchito ayenera kufufuza dzina lililonse asanalilembe mu lipoti.

Jenasi ya khofi nayonso inakula mu 2011, pamene Aaron Davis ndi anzake a ku Kew anaphatikizamo mitundu ya Psilanthus, chiwerengero n'kufika pa 124, ngakhale malonda a padziko lonse amadalira iwiri yokha, arabika ndi robusita. Arabika mwiniyo ndi mwana wa mitundu iwiri, Coffea canephora ndi Coffea eugenioides, n'chifukwa chake ali ndi makromozomu 44, timitolo tonyamula DNA m'selo, pamene mitundu ina ili ndi 22, ndipo kusiyana kumeneku kumavutitsa amene akufuna kumukwatitsa ndi abale ake akutchire. Mozambique ali ndi khofi wakewake, amene João de Loureiro, wansembe wa Chijezuiti wa ku Portugal, anamufotokoza mu 1790: Coffea racemosa, wodziwika ndi dzina la Inhambane, ndi Coffea zanguebariae, amene amalimidwa pang'ono pa chilumba cha Ibo ku Cabo Delgado. Racemosa amamera m'malo otsika ndi otentha, amayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukiranso mvula ikagwa, ndipo njere zake ndi zazing'ono, zokhala ndi kafeini wochepa poyerekeza ndi arabika. Zokolola zake ndi zochepa, kotero si mtengo wolonjeza nawo alimi chuma chamsanga, koma pa nkhani yopirira chilala ndi kutentha ndiye woyenera kuyesedwa m'madera onga chigwa cha Zambezi kusiyana ndi arabika, amene ku Mozambique akubzalidwa pa phiri la Gorongosa ndipo ku Malawi amachita bwino ku Misuku ndi ku Thyolo. Kafukufuku wa ku Kew wa mu 2019 anapeza kuti mitundu 60 mwa 100 iliyonse ya khofi wakutchire ili pa chiopsezo chotheratu.

Mitundu iwiri ya ku Mozambique ija, racemosa ndi zanguebariae, ndi yofanana kwambiri moti yakhala ikusokonezedwa m'mabuku, ndipo mbewu yotoledwa pansi pa dzina lolakwika imasocheretsa kafukufuku yense wotsatira. Pa chifukwa chimenechi chitsanzo chotumizidwa ku nyumba zosungiramo zomera za bungwe la IIAM ndi za Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, kapena ya National Herbarium ku Zomba, chimafunika kukhala ndi nsonga yanthete yoonetsa stipula, maluwa ndi zipatso ngati zilipo, ndiponso mawu olembedwa pomwepo onena ngati nthambi inatulutsa utomoni itathyoledwa, popeza chizindikiro chimenechi sichioneka pa chomera chouma. M'dera la Tete zitsamba zambiri za banjali zimachita maluwa kwa nthawi yochepa mvula yoyamba ikangogwa, pamene misewu ya kumidzi imayamba kuvuta, ndipo chitsanzo chotoledwa m'chilimwe kawirikawiri chimakhala nthambi yopanda duwa imene ingatchulidwe banja lake lokha.