Halibut, Nsomba ya Pansi pa Nyanja

Kodi munaonapo nsomba yokhala ndi maso onse awiri mbali imodzi? Iliko! Dzina lake ndi halibut. Imapezeka m'nyanja yaikulu ya madzi amcere, kumalo ozizira kwambiri monga Alaska, ku America.

Halibut ndi yaphwatalala ngati licero. Imagona pansi pa nyanja, pamcenga. Ikakhala kamwana, imakhala ndi diso uku ndi uku. Pamene ikukula, diso lakumanzere limasuntha pang'onopang'ono mpaka lifike kumanja.

Ku Alaska kuli tauni yochedwa Homer. Anthu amapita kumeneko kukawedza halibut pofuna kusangalala. Amakwera boti ndi kupita kutali. Amamanga citsulo colemera kucingwe kuti mbedza ifike pansi. Halibut ikameza nyambo, kukoka kwake si maseweratu! Ina imafika makilogalamu 200, kuposa abambo awiri pamodzi.

Koma yaikulu si ndiyo yokoma kwambiri. Yamnofu wofewa ndi yaing'onoko. Zikuluzikuluzo ndi zazikazi, ndipo zimaikira mazira ambirimbiri. Ndiye cifukwa cake asodzi ena amazibweza m'madzi, kuti nsomba zisathe.

Imene asankha kudya amaisamalira msanga. Amaicotsa magazi, kenaka amaiika m'madzi oundana. Akatero, mnofu umakhala woyera bwino ndi wokoma. Ikasiyidwa padzuwa, imaonongeka.

Mafunso
1. Kodi halibut imagona kuti?
2. Asodzi amamangiranji citsulo kucingwe?
3. N'cifukwa ciyani zikuluzikulu amazibweza m'madzi?