Tsache likutithera nthaka pakhomo

Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, patangotha chaka namondwe Freddy atakokolola minda ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Njala yotere imakaonekera kusikelo, pa makadi a ana. Ngakhale mavutowa asanadze, kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ngopinimbira.

Mpake kuti ena atembenukira ku permaculture, ulimi umene Bill Mollison ndi David Holmgren adaulongosola ku Australia m'buku lawo la 1978. Kuno kwathu a Kusamala ku Lilongwe ndi a Never Ending Food ku Chitedze akhala akuuphunzitsa kwa zaka zambiri.

Woyamba kumene amathamangira kukagula mbewu, pomwe choyambirira n'kuona kumene madzi akulowera. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, m'dera lolandira mvula ya mamilimita 800, limakhetsa malita 40,000 pachaka. Ambiri mwa madziwo amathera kumsewu chifukwa bwalo tidalisesa mpaka kuuma gwa.

Dontho la mvula likamenya dothi losavundikira limaphwanya timibulu ta dothilo. Fumbi losalala lotsalapo limatseka timabowo tolowera madzi ndi mpweya, dzuwa likawomba pamwamba n'kupanga chikhungwa. Mvula yotsatira imangotsetsereka, kunyamula chonde, kukumba chigwembe m'mbali mwa maziko a nyumba, kenako n'kukadikha pamalo otsika. Mukayalapo masamba ouma, mphamvu ya dontho imathera pamasambawo, nyongolotsi ndi chiswe zimaboola njira pansi, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono.

Koma tauzani munthu asiye masamba pabwalo, akuyankhani kuti mukuitana malungo. Bodza limeneli latopetsa. Udzudzu wa Anopheles suikira mazira m'masamba ouma kapena m'chimanga. Umaikira m'madzi odikha, makamaka zithaphwi zowombedwa ndi dzuwa, ndipo mphutsi zake zimafuna sabata kapena kuposerapo kuti zisanduke udzudzu wouluka. Ndiye kuti bwalo losesedwa lija, limodzi ndi chithaphwi chosauma kuseri kwa bafa, ndi zimene zikuweta udzudzu. Ngalande yokumbidwa mopingasa chitunda, imene madzi ake amalowa pansi pakatha tsiku limodzi kapena awiri, siipereka mpata umenewo. Masamba amene tikutentha m'mawa uliwonse m'dzina la ukhondo ndi manyowa, koma timawawononga, kenako n'kukafola pamzere wa feteleza. Neti yokha musaleke kugonamo.

Madzi mukawagwira, zotsalazo n'kungoika chilichonse pamalo pake. Zofuna kuthirira ndi kuthyola tsiku lililonse zikhale pafupi ndi khitchini: bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, tomato. Madzi a kubafa alunjike ku nthochi ndi mapapaya. Khola la nkhuku liyandikane ndi dzenje la manyowa, chimbudzi chitalikirane ndi chitsime ndipo chikhale kumunsi kwake. Kumunda sakanizani chimanga ndi nandolo, ndipo msangu musaudule, poti umayoyola masamba dzinja n'kusiya chonde chimanga chikulandira dzuwa.

Musayambe ndi ekala yonse. Mvula ikagwa, tulukani mukatsate madzi kuchokera padenga, ndipo pamene ayambira kuthamanga mukumbe ngalande yoyamba, kutaliko ndi maziko a nyumba.