KOMITI IKAWOLA TIMU IMANUNKHA: NKHANI YA MPIRA WA NDODO KU INDIA

Loweruka lapitali ndinali mu msika wa Limbe kusaka nsapato za kaunjika. Pa benchi ya mayi wina wogulitsa zikwama, malamba ndi zidole ndinaona ndodo yopindika kumapeto ngati mbedza, mbali ina yaphwatalala, ina yobulungira.

"Mayi, ichi nde chiyani?"

"Ndodo ya agogo iyo, achimwene. Kaya muzikaphera makoswe. Tengani, ndikuchotserani."

Tonse tinaseka. Koma mdala wina wosoka nsapato pafupi pomwepo sanaseke. Anaitenga ndodoyo, n'kuwerama pang'ono, n'kuyamba kuyendetsa chitsekerero cha botolo uku ndi uku pakati pa miyendo ya anthu ngati kamnyamata.

"Mwana wanga, iyi ndi ndodo ya hockey," anatero. "Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye, ndiye ana a bwana ndinkawanyamulira zimenezi popita ku bwalo. Kwawo ku India mpira umenewu anali mafumu. Anaupha ndi akuluakulu a komiti. Iwe si wa nyuzi? Kafufuze."

Ndodo sindinagule, ndalama inali ya nsapato. Koma kufufuza ndinafufuza. Mdala uja ananena zoona, kungoti nkhani anaisiyira panjira: mpirawo unadzukanso, ndipo anaudzutsa ndi komitinso. Inu amene mumasonkha ndalama kwa komiti ya msika mwezi ndi mwezi, nkhani iyi muimva msanga kuposa munthu wina aliyense.

MPIRA WAKE NGOTANI?

Hockey imafanana ndi mpira wamiyendo. Timu imakhala ya anthu 11, magolo awiri, goloboyi mmodzi mbali iliyonse. Kusiyana kwake n'koti kampira kake n'kakang'ono ngati lalanje, kolimba ngati mwala, ndipo amakamenya ndi ndodo, mbali yaphwatalala yokha. Masewero amatenga mphindi 60, zogawidwa panayi. Chigoli chimawerengedwa pokhapokha womwetsa wakhudza mpira ali mkati mwa mzere wokhota umene umazungulira kutsogolo kwa golo.

Dziko lililonse limakhala ndi bungwe limodzi loyendetsa masewerawa, monga muja FAM imayendetsera mpira wamiyendo kwathu kuno. Bungwelo ndilo limasankha kochi, kukonza mipikisano, kuphunzitsa oyimbira, kusaka othandiza ndi ndalama, komanso kutumiza timu kunja. Pamwamba pa onse pali bungwe la dziko lonse lapansi lotchedwa FIH.

ZAKA ZA UFUMU

Bungwe loyamba la ku India, Indian Hockey Federation kapena kuti IHF, linakhazikitsidwa mu 1925. Patangotha zaka zitatu, mu 1928, timu yawo inapita ku Olympics ku Amsterdam n'kubwerako ndi mendulo ya golide osagoletsedwa olo chigoli chimodzi. Mu 1932 anakwapula America 24-1. Mu 1936 anakwapula Germany 8-1 pakwawo pomwe ku Berlin. Katswiri wawo Dhyan Chand mpaka lero tsiku lake lobadwa, 29 August, ndilo tsiku la masewera m'dziko lonse la India.

Golide wa Olympics anamutenga kasanu ndi katatu: 1928, 1932, 1936, 1948, 1952, 1956, 1964 ndi 1980. Palibe dziko lina lawapitirira pa hockey ya abambo. Mu 1975 anatenganso chikho cha dziko lonse atagonjetsa Pakistan 2-1 ku Kuala Lumpur.

Nanga chinavuta n'chiyani?

KAPETI INABWERA, KOMITI ILI MTULO

Mu 1976, ku Olympics ya ku Montreal, hockey inachoka pa kapinga weniweni n'kupita pa kapeti, kapinga wapulasitiki uja. Pa kapeti mpira sudumphadumpha, umathamanga ngati chipolopolo. Amene amapindula ndi munthu waliwiro ndi wamphamvu, osati wongodziwa kuchenjeretsa mnzake ndi dzanja. Chaka chimenecho India inathera pa nambala 7.

Apa mpamene bungwe limaonekera ngati lili maso. Ku Netherlands, Germany ndi Australia anayala makapeti ambirimbiri, ana n'kumakulira pomwepo. Ku India makapeti anali owerengeka, m'mizinda ikuluikulu basi. Mwana amakula akusewera pa fumbi, kapeti n'kudzaiponda ali kale ndi ndevu. Zili ngati makasitomala asamukira ku depoti yatsopano, inu mukadali pa benchi yakale kudikira kuti abwerera.

Golide wa mu 1980 ku Moscow anawapusitsa. Chaka chimenecho mayiko ambiri amphamvu ananyanyala Olympics, matimu a abambo anali 6 okha. Kuchoka pamenepo kunali zii, zaka 41 popanda mendulo.

Kuyambira 1994 mpando wa IHF unali m'manja mwa K.P.S. Gill, amene kale anali mkulu wa apolisi m'chigawo cha Punjab. Anakhalapo zaka 14. Makochi ankangosinthidwa ngati malaya. Timu ikaluza, wochotsedwa ndi kochi. A komiti ali phee pa mipando yawo.

CHAKA CHA MANYAZI

Mu March 2008 chinaphulika. Ku Santiago m'dziko la Chile, India inagonja 2-0 kwa Great Britain pa masewero olimbirana malo a ku Olympics ya Beijing. Kwa nthawi yoyamba pa zaka 80, mafumu aja anatsala pakhomo, kuonera anzawo pa TV.

Misozi isanaume, mwezi wotsatira, wayilesi ina ya kanema inaonetsa mlembi wamkulu wa IHF akulandira ndalama kwa atolankhani odzibisa amene ankanamizira kufuna kulowetsa wosewera wawo mu timu. Mkuluyo anakana kuti chinali chiphuphu, koma udindo anatula. Mwezi womwewo bungwe la Olympics la India linaimitsa IHF.

Taganizani, abale. Mwana wa mlimi amadzuka m'mamawa kuthamanga, zaka ndi zaka, ndiye akumva kuti malo mu timu angathe kukambidwa m'chipinda cha hotela. Zikusiyana pati ndi muja malo abwino a pakhomo pa msika amapatsidwa kwa amene waonana ndi tcheyamani madzulo, inu amene mwakhala pa mndandanda zaka zitatu muli kuseri kwa chimbudzi?

Mu 2009 kunabadwa bungwe latsopano, Hockey India, loyang'anira abambo ndi amayi pamodzi monga FIH inkafunira. Koma a IHF sanalole kufa msanga. Kwa zaka zingapo mabungwe awiriwa ankakokana m'makhoti, aliyense akuti mwini mpira ndine. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu: mu January 2010, kutatsala masabata ochepa kuti chikho cha dziko lonse chiyambe ku Delhi, osewera ananyanyala zokonzekera ku Pune chifukwa cha malipiro awo. Ku Olympics ya London mu 2012 anapita, inde, koma analuza masewero onse 6 n'kuthera kumchira, nambala 12 pa matimu 12.

Kusintha dzina la komiti pakokha sikunamwetse chigoli.

ANACHITA CHIYANI KUTI ADZUKE?

Ine ndaona zinthu zinayi, ndipo palibe chamatsenga.

Choyamba, anavomera kuti atsalira. Anthu amene ankaphunzitsa dziko lonse hockey anadzichepetsa n'kulemba akatswiri akunja. Mu 2013 anatenga Roelant Oltmans wa ku Netherlands kuti ayang'anire dongosolo lonse la kakonzekeredwe ka matimu. Kudya, kugona, kuthamanga, kuchiza ovulala, zonse zinayamba kuyenda ndi ndondomeko. Kenako kunabwera Graham Reid wa ku Australia mu 2019, ndi Craig Fulton wa ku South Africa mu 2023.

Chachiwiri, mipikisano. Bungweli limachititsa mipikisano ya dziko lonse ya ana, ya achinyamata ndi ya akuluakulu, anyamata ndi atsikana omwe, kuti osankha timu aone mwana ndi maso awo m'malo momva za m'maluwa. Mu 2013 anayambitsanso ligi ya ndalama, Hockey India League, momwe osewera amagulidwa pa okushoni ngati fodya. Mnyamata wa kumudzi amapezeka akusewera timu imodzi ndi akatswiri a ku Ulaya, n'kusiya kuwaopa. Zipatso zinaoneka mu 2016 pamene timu ya achinyamata inatenga chikho cha dziko lonse ku Lucknow itagonjetsa Belgium 2-1. Ligiyo inaima itatha ya 2017, n'kudzayambiranso mu December 2024, ulendo uno ndi ya amayi yomwe.

Chachitatu, mpamba wokhazikika. Geni ya mpamba wobwereka lero, mawa kulibe, siikula. Mu 2018 boma la chigawo cha Odisha linasaina kuti lizithandiza matimu onse a dziko, abambo ndi amayi, kwa zaka zisanu, ndipo pambuyo pake mgwirizanowo anautalikitsa. Mtsogoleri wa chigawocho nthawi imeneyo, Naveen Patnaik, anali goloboyi wa hockey ali pa sukulu. Odisha inachititsa chikho cha dziko lonse kawiri motsatizana, mu 2018 ndi 2023, ndipo inamanga bwalo la anthu oposa 20,000 mu mzinda wa Rourkela. Mu 2022 Hockey India inalengeza kuti wosewera aliyense, mwamuna kaya mkazi, azilandira ma rupee 50,000 timu ikapambana masewero. Kuchoka pa kunyanyala kwa ku Pune kuja, ulendo ndi wautali ndithu.

Chachinayi, ndipo ichi n'chimene chandigwira mtima, kapeti anaitengera kumudzi. M'boma la Sundargarh, ku Odisha komweko, ana amasema okha ndodo za nsungwi, ndipo midzi imapikisana mphotho yake ili mbuzi. Kumeneko n'kumene kwachokera osewera ambiri a timu ya dziko. M'malo modikira kuti anawo apeze thiransipoti yopita mu tauni, boma linakayala makapeti m'madera mwawo momwemo. Kuwongola mtengo mpoyamba.

MWANA WA WOYENDETSA NGOLO

Pa 5 August 2021 ku Tokyo, India inagonjetsa Germany 5-4 n'kutenga mendulo ya nambala 3, yoyamba chichokere 1980. Pa 8 August 2024 ku Paris anabwerezanso, atagonjetsa Spain 2-1. Kaputeni wa ku Paris, Harmanpreet Singh, amene anamwetsa zigoli 10 pa mpikisanowo, ndi mmodzi mwa anyamata aja a ku Lucknow mu 2016.

Amayi nawo ku Tokyo anadabwitsa dziko pothamangitsa Australia 1-0, n'kuthera pa nambala 4. Kaputeni wawo, Rani Rampal, bambo ake ankayendetsa ngolo yokokedwa ndi hatchi, mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo iye anayamba kusewera ndi ndodo yothyoka yotola. Inu akabaza, inu onyamula katundu pa wilibala, mwana wa munthu ngati inu anatsogolera timu ya dziko la anthu oposa biliyoni imodzi. Luso anabadwa nalo, koma popanda mpikisano woti akaonekere, bwenzi lero palibe akumudziwa.

WAMUYAYA ANALIKONSO

Musaganize kuti komiti yatsopanoyo inasanduka angelo. M'malamulo ake inalowetsamo maudindo a "pulezidenti wamuyaya" ndi "membala wamuyaya". Mawu amenewa ife kuno sitifunika otitanthauzira.

Amene anadzuka ndi mdala Aslam Sher Khan, mmodzi mwa osewera amene anatenga chikho cha 1975. Anakasuma, ndipo mu May 2022 khoti lalikulu la ku Delhi linagamula kuti maudindo amenewo ndi osemphana ndi malamulo a masewera a dzikolo. Khoti linaika komiti yogwirizira ya anthu atatu kuti ikonze malamulo ndi kuitanitsa chisankho. Mu September chaka chomwecho mpando unapita kwa Dilip Tirkey, mwana wa ku Sundargarh kwa mbuzi kuja, amene anavala yunifolomu ya dziko lake maulendo 412. Aka kanali koyamba kuti Hockey India itsogoleredwe ndi munthu amene anasewererapo timu ya dziko.

Onani bwino: khoti linalowererapo patangotha miyezi 9 chitengereni mendulo ya ku Tokyo. Khan sananene kuti poti timu ikupambana tiyeni tikhale chete. Ndipo mavuto sanathe: amayi aja analephera kupita ku Paris atagonja 1-0 kwa Japan pakwawo pomwe ku Ranchi mu January 2024.

NANGA KWATHU KUNO?

Hockey ilipo kuno. Tili ndi Hockey Association of Malawi, ndipo ku Chichiri, pafupi ndi Kamuzu Stadium, kuli bwalo la kapeti limene mu November 2023 linalandira mpikisano wa makalabu a mu Africa. Kapeti imene amwenye anachedwa nayo, ife tili nayo pakhomo, mtunda wa minibasi imodzi kuchoka mu Limbe.

Ndiye mafunso amene anthu a ku India anaphunzira kufunsa atawotchedwa kale, ife tingawafunse lero, kwa bungwe lililonse la masewera, ngakhale kwa komiti ya msika wathu. Chisankho chinachitika liti, ndipo china chidzachitika liti? Ndalama zinalowa zingati, zinagula chiyani, malisiti ali kuti? Wosankha timu anamuona kuti mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Bangwe? Funso lotere si mwano. Ndalama ndi zathu, ana ndi athu.

Lolemba ndinabwerera ku benchi kuja kuti ndikamuuze mdala uja kuti nkhani yake ili ndi gawo lachiwiri. Anamvetsera akusoka sapato, kenako n'kuloza kwa mayi uja ndi zingano.

Ndodo inali itapita. Akuti anagula bambo wina, wati akakolera mango.