Mafuta analimo m'ndege, koma kampopi kanali kumsana

Amene mumakonda nyimbo za country pa wailesi mukulidziwa dzina la John Denver, mwini nyimbo ya Take Me Home, Country Roads ya mu 1971. Woimba wa ku America ameneyu anamwalira pa 12 Okutobala 1997 ali ndi zaka 53, pamene kandege kake kanagwera m'nyanja pafupi ndi Pacific Grove, m'chigawo cha California. Anali yekha m'ndegemo.

Kandegeko kanali ka mtundu wa Long-EZ, kokwera anthu awiri. Ndege zoterezi sizichokera ku fakitale. Katswiri wina, Burt Rutan, anajambula mapulani ake, ndipo munthu ankagula mapulaniwo n'kudzimangira ndegeyo pakhomo. Ya bambo Denver inamangidwa ndi munthu wina, ndipo iwo anali atangoigula kumene.

Ndegeyi ili ndi mathanki awiri, lina kumanja lina kumanzere. Lina likauma, woyendetsa amapotokola kampopi kuti injini iyambe kumwa m'linzake, monga mmene wa njinga yamoto amatsegulira mafuta osungira ikayamba kutsokomola panjira. Pa mapulani, kampopika kamakhala pakati pa miyendo ya woyendetsa. Koma womanga uja anakasamutsira kuseri kwa phewa lamanzere. Zoonetsa kuchuluka kwa mafuta nazonso zinali kumbuyo, moti tsikulo makaniko wa pabwalo la ndege la Monterey anachita kuwabwereka kagalasi kuti aziyang'anirapo.

Makaniko yemweyo anaona kuti thanki lakumanja silinafike theka, ndipo lakumanzere linali lochepera pamenepo. Atafunsa za kuthira mafuta, bambo Denver anakana ponena kuti angouluka kwa ola limodzi. Sanali wophunzira ayi: anali ataulukapo maola oposa 2,700 pa ndege zosiyanasiyana.

Ananyamuka madzulo, nayeserera kutera ndi kunyamukanso katatu, kenaka n'kulowera kunyanja akuuluka m'munsi. Anthu amene anali m'mbali mwa nyanja anamva injini ikudukiza, ndipo posakhalitsa anaona ndegeyo ikupendeka n'kulowa m'madzi chamutu.

Bungwe lofufuza za ngozi ku America, la NTSB, linatulutsa zotsatira zake mu 1999. Linapeza kuti thanki limene injini inkamwamo linauma, ndipo woyendetsa anatembenuka kuti afikire kampopi kaja. Ofufuza atayesa kutembenuka chotero m'ndege ya mtundu womwewo, anaona kuti phazi lamanja limakankha lokha chopondera chokhotetsa ndege. Pokhala ndegeyo inali pafupi ndi madzi, mpata woiwongola panalibe. M'thupi mwa malemuwo simunapezeke mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Bungwelo linatchula zinthu zingapo zimene zinakumana tsikulo: kusamutsidwa kwa kampopi, kusowa kwa zizindikiro zosonyeza thanki limene latsegulidwa, kusathira mafuta, ndi kusazolowera ndege yachilendo. Chilichonse pachokha chinkaoneka chaching'ono. Ndege ngati imeneyi ikhoza kuyandama m'mlengalenga kwa kanthawi ngakhale injini itazima, bola woyendetsa maso ali kutsogolo ndipo manja ali pa chiwongolero.

Kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga sitimanga ndege, koma amisiri athu amasintha zitsulo za njinga zamoto, zigayo ndi magalimoto akale tsiku ndi tsiku. Amene wasintha amadziwa pamene waika chinthu, koma wogula mawa sadziwa. Choncho mmisiri alembe chizindikiro ndipo amuonetse mwini watsopano. Nayenso wogula agwire ndi dzanja lake kampopi, mabuleki ndi chozimitsira makina asanalize injini. Ndipo wina akakufunsani ngati muthire mafuta ulendo usanayambe, thirani. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.